Kodi wotchi yoyeza mtima ingawathandize bambo athu kupewa sitiroko?

Mwana wa ku Mabvuku

Moni nonse, akuluakulu ndi anzanga. Ndabwera ndi nkhani imene yatisowetsa tulo m'banja mwathu, ndipo ndikupempha amene akuidziwa bwino kuti atiunikire tisanawononge ndalama. Bambo anga ali ndi zaka 72, ndimakhala nawo kuno ku Mabvuku mumzinda wa Harare chimwalirireni amayi, ndipo akhala akumwa mankhwala a BP kwa zaka zoposa 10. Lamulungu lina mwezi wathawu, tikuchokera ku tchalitchi, anaima mwadzidzidzi pageti n'kugwira pachifuwa, thukuta lili kamukamu, ndipo anandiuza kuti mtima ukuphiriphitha ngati nkhuku imene yagwidwa miyendo. Anakhala pansi pakhonde kwa mphindi ngati 20, kenako zinatha zokha. Mawa lake ndinawaperekeza ku kiliniki, koma namwino atawayeza ananena kuti BP yangokwera pang'ono ndipo mtima ukugunda bwino, choncho tinabwerera kunyumba opanda yankho lenileni.

Chimene chikutichititsa mantha n'chakuti azakhali athu, mlongo wawo wa bambo, anadwala sitiroko zaka 3 zapitazo, ndipo mpaka lero mkono wawo wakumanja sugwira komanso mawu satuluka bwino. Madokotala anatiuza pambuyo pake kuti mtima wawo unali ukugunda mosalongosoka, matenda amene anawatchula kuti atrial fibrillation, ndipo palibe aliyense wa ife amene ankadziwa.

Achimwene anga amene ali ku Leicester ku UK akuti atumiza Apple Watch, chifukwa anamva kuti imachenjeza munthu mtima ukayamba kusokonekera. Ine sindikukana, koma bambo ali ndi kafoni kamabatani, magetsi kuno amathima pafupipafupi, ndipo ndalama zimene achimwene angagulire wotchiyo si zochepa. Kodi mawotchi amenewa amapezadi matendawa? Nanga ikalira, timatani? Ndipo funso lalikulu kwa ine ndi lakuti, kodi kuvala wotchiyo kumachepetsadi chiopsezo cha sitiroko, kapena kumangomudziwitsa munthu kuti akudwala?

Namwino wopuma, Highfield

Mwachita bwino mwanangu posaikhalira nkhaniyi. Ndinagwira ntchito m'mawodi a akuluakulu kwa zaka zambiri ndisanapume, ndipo zimene mwafotokozazi ndaziona kambirimbiri: munthu amamva mtima ukusokonekera ali kunyumba, koma pofika pamaso pa namwino mtimawo umakhala utabwerera kale m'malo. Sindinganene kuti bambo ali ndi atrial fibrillation, chifukwa zimenezo zimatsimikizika ndi ECG yokha, kuyeza kumene kumajambula kagundidwe ka mtima ngati mizere, koma msinkhu wawo, BP ya zaka zambiri ndiponso zimene anamva pagetipo n'zokwanira kuti ayezedwe mozama.

Mtima uli ndi zipinda zinayi, ziwiri zam'mwamba ndi ziwiri zam'munsi. Ukakhala bwino, zam'mwamba zimafinya magazi kenako zam'munsi n'kulandira, mosinthana bwinobwino ngati amayi awiri amene akusinja mumtondo umodzi. Matendawa akayamba, zipinda zam'mwamba zimaleka kufinya n'kumangonjenjemera, ndipo magazi ena amadikha m'kathumba kamene kali m'mbali mwa chipinda chakumanzere. Magazi odikha amaundana, ndipo kachibuma kameneko kakachoka n'kukatseka mtsempha wa mu ubongo, munthu amadwala sitiroko ngati mmene zinachitikira ndi azakhali anu. Munthu wa matendawa amakhala pa chiopsezo cha sitiroko chokwera pafupifupi kasanu kuposa mnzake amene alibe. Kuvuta kwake n'kwakuti kwa anthu ambiri vutoli limabwera n'kupita, ndipo ena samva chilichonse, n'chifukwa chake kuyeza kamodzi ku kiliniki kumaliphonya.

Apa ndi pamene wotchi ili ndi ntchito, ndipo imayeza m'njira ziwiri. Kunsi kwake kuli kanyali kobiriwira kamene kamawalira pakhungu n'kuona mmene magazi akudzazira m'mitsempha yapamkono mtima ukagunda. Imachita zimenezi nthawi ndi nthawi munthu akakhala phee, osati mosalekeza, ndipo ikaona kangapo motsatizana kuti kugundako sikukulondolozana imapereka chenjezo. Njira yachiwiri ndi yakuti mwiniwake amaika chala pakabatani ka m'mbali kwa masekondi 30, wotchi n'kujambula ECG ya mzere umodzi imene angakaionetse dokotala pafoni. Apple inayamba kuika ECG imeneyi pa Series 4 mu 2018.

Yunivesite ya Stanford ku America inachita kafukufuku wamkulu wotchedwa Apple Heart Study, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2019. Mwa anthu 419,297 amene anatenga nawo mbali, 2,161 ndi amene analandira chenjezo, kutanthauza munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 200 alionse. Mwa iwowa, 450 anavala kachipangizo ka ECG komata pachifuwa kwa masiku angapo n'kukabweza, ndipo 34 peresenti anapezekadi ndi atrial fibrillation. Ena mwa otsalawo n'kutheka kuti analinso nayo koma siinabwerenso m'masiku amenewo. Mmene ndimaonera ine, wotchi ikalira si chigamulo, ndipo ikapanda kulira si umboni wakuti mtima uli bwino. Dziwaninso kuti siitha kuzindikira pamene mtsempha wa mtima weniweniwo watsekeka, choncho bambo akamva kupweteka kapena kulemera pachifuwa musayambe kufunsa wotchi, thamangirani ku chipatala.

Pempho langa n'lakuti musadikire katundu wochokera ku UK. Bwererani ku kiliniki mukafotokoze zonse mwatsatanetsatane, mutchulenso za azakhali, ndipo mupemphe kalata yopita ku chipatala chachikulu monga Parirenyatwa kapena Sally Mugabe, chimene ambirife timachitchabe kuti ku Gomo, kapena kwa dokotala wa mtima ngati thumba likulola. Akajambulidwe ECG yathunthu, ndipo ikatuluka yabwino mufunse za Holter, kachipangizo kamene munthu amagona nako kwa maola 24 kapena 48. Pakali pano phunzirani kumva mtima ndi zala zanu. Ikani zala ziwiri pamkono wa bambo, m'munsi mwa chala chachikulu, muwerenge kwa mphindi imodzi yathunthu m'mawa ndi madzulo, ndipo mumvetsere ngati kugundako kukufanana kapena kukudumphadumpha. Zimene mwapeza muzilemba m'kope pamodzi ndi tsiku ndi nthawi.

Dalaivala wa ku Mufakose

Achemwali, ine ndiyankhe ngati munthu amene wotchiyi inamulirira. Ndili ndi zaka 58, ndimayendetsa thiraki kuchokera kuno ku Harare kupita ku Blantyre kudzera ku Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, ndipo ndili ndi shuga ndi BP. Mwana wanga anandigulira wotchi ya Samsung, ndipo ndinaivala miyezi ingapo ndikungoonerapo nthawi. Tsiku lina ndinagona m'galimoto pa boda podikira mapepala, ndipo podzuka m'mamawa ndinapeza uthenga wakuti mtima wanga unagunda mosalongosoka usiku. Sindinamve chilichonse m'thupi, choncho ndinaufufuta n'kupitiriza ulendo. Patadutsa milungu iwiri uthengawo unabweranso ndili kunyumba, ndipo nthawi imeneyo mayi akunyumba anauona n'kundikakamiza kuti ndiike chala pakabatani pompo. Mzere umene unatuluka unali wosiyana kwambiri ndi wa masiku onse, timapiri take tinali totalikirana mosafanana, tina tothithikana tina totayana.

Ku chipatala ECG yoyamba inatuluka yabwinobwino, ndipo ndikanapanda kukhala ndi chithunzi cha mzere uja pafoni ndikukhulupirira kuti ndikanangobwezedwa. Dokotala anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kundilembera Holter, ndipo Holter ndi imene inatsimikiza. Lero ndimamwa mankhwala oletsa magazi kuundana tsiku lililonse, ndipo mowa wa Loweruka ndinausiya chifukwa anandiuza kuti umaputa matendawa.

Koma pali zinthu zimene achimwene anu ayenera kuzidziwa asanagule. Apple Watch imafuna iPhone kuti igwire ntchito, ndipo ECG ya pa wotchi ya Samsung imafuna foni ya Galaxy, choncho kafoni kamabatani ka bambo sikangathandize, ndipo ndalama zake muwerengere za zinthu ziwiri. Komanso ntchito ya ECG ndi ya chenjezoyi siitsegulidwa m'maiko onse, zimadalira ngati kampaniyo inalandira chilolezo m'dziko limenelo, ndiye afufuze kaye ngati idzagwire ikafika m'Zimbabwe muno. Nkhani ya magetsi ndi yoona, pakuti mawotchi ambiri a mtundu umenewu amafuna kutchajidwa tsiku lililonse kapena pakadutsa masiku awiri. Ine ndimaitchaja madzulo tikamadya nsima, pa power bank magetsi akathima, kuti usiku ndigone nayo, chifukwa usiku ndi pamene mkono umakhala chete n'kuyezeka bwino. Ndikakhala pachiwongolero galimoto ikugwedezeka, zimene imaonetsa sindizikhulupirira.

Ndikuchenjezeninso za mawotchi otchipa amene adzaza m'mashopu a m'tauni, olembedwa ECG pabokosi. Mlamu wanga anagula imodzi ya madola ochepa, ndipo titaimangirira pamwendo wa tebulo inationetsa kuti tebulolo mtima wake ukugunda ka 76 pamphindi. Chinthu chotere n'choopsa kwa munthu wodwala, chifukwa chimamutonthoza pamene akufunika thandizo.

Wa ku famase

Ndikugwirizana ndi amayi anamwino komanso ndasangalala kuti bambo a ku Mufakose anathandizidwa, koma ndikufuna ndiyankhe funso lachitatu lija mosabisa, chifukwa ndi limene lili ndi ndalama za banja. Kupeza matenda ndi kupewa sitiroko ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ku Denmark kunachitika kafukufuku wotchedwa LOOP, amene anafalitsidwa mu 2021, wa anthu 6,004 a zaka 70 mpaka 90. Ena anaikidwa kachipangizo pansi pa khungu koyeza mtima usana ndi usiku, ndipo mwa iwowa atrial fibrillation inapezeka katatu kuposa mwa anzawo, koma kuchepa kwa sitiroko sikunali kokwanira kuti ofufuzawo atsimikize kuti kwabwera chifukwa cha kuyezako. Mu 2023 kafukufuku wina wotchedwa ARTESiA anaonetsa kuti anthu amene mtima wawo unkasokonekera kwa kanthawi kochepa iwo osamva kanthu, atapatsidwa mankhwala oletsa magazi kuundana otchedwa apixaban sitiroko inachepa ndi 37 peresenti poyerekeza ndi omwa aspirin, koma kutaya magazi koopsa kunachuluka. N'chifukwa chake dokotala wabwino samangolemba mankhwala chifukwa wotchi yalira.

Komabe bambo anu si munthu wongoyezedwa alibe chizindikiro, iwo anamva kale kanthu. Ngati matendawa atsimikizika, dokotala amawerengera zinthu monga msinkhu, BP, shuga, kulephera kwa mtima ndiponso ngati munthu anadwalapo sitiroko, ndipo kwa munthu wa zaka 72 wa BP kawirikawiri mankhwala oletsa magazi kuundana amalimbikitsidwa. Mankhwala amenewa ndi amene amatchinjiriza ubongo: warfarin amachepetsa sitiroko ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu. Aspirin sakwanira pa matendawa, ndipo ndikupempha kuti musawayambitse nokha, chifukwa anthu ambiri amabwera pakauntala kudzagula aspirin atamva kwa anansi kuti amasungunula magazi.

Warfarin ndi wotsika mtengo koma amafuna chisamaliro. Magazi amayenera kuyezedwa kawirikawiri, kuyeza kotchedwa INR, ndipo kwa odwala ambiri nambala yake imafunika kukhala pakati pa 2 ndi 3. Masamba obiriwira monga repu, chomoliya, mpiru ndi nkhwani ali ndi vitamini K amene amachepetsa mphamvu yake. Sikuti munthu asiye ndiwo zamasamba ayi, koma azidya mofanana sabata ndi sabata, osati kudya zambiri nthawi ya dzinja kenako n'kusiyiratu. Cotrimoxazole, amene ambiri timamutcha bactrim, amawonjezera mphamvu ya warfarin mpaka munthu kutuluka magazi, rifampicin wa TB amaichepetsa, ma ARV ena amasokonezana naye, ndipo brufen ndi diclofenac, amene akuluakulu amakonda kumwa chifukwa cha mawondo ndi msana, amawonjezera ngozi yotaya magazi m'mimba. Mankhwala azitsamba nawonso muziwatchula kwa dokotala osachita manyazi. Mankhwala atsopano monga apixaban ndi rivaroxaban safuna INR, koma ndi odula, ndipo kuwadumphitsa chifukwa ndalama zatha pakati pa mwezi kumamusiya munthu wopanda chitetezo m'masiku ochepa chabe.

Pali chinanso chimene chimatikhudza ife a kuno ku Africa kuposa anthu a kumene mawotchiwa amapangidwa. Anthu ambiri anawonongeka mavavu a mtima, timakomo timene timatseka ndi kutsegula njira ya magazi mkati mwake, ali ana chifukwa cha zilonda zapakhosi zimene sizinachiritsidwe, ndipo atrial fibrillation yawo imachokera pamenepo. Kafukufuku wa INVICTUS wa mu 2022 anapeza kuti kwa odwala amenewa warfarin ndi amene anathandiza kwambiri kuposa rivaroxaban. Wotchi siingaone vavu, imaoneka pa echo, imene ili ngati sikani ya mtima, ndiye bambo akapezeka ndi vutoli echo isaiwalike, pamodzi ndi kuyeza magazi a chithokomiro ndi impso.

Zikanakhala ndalama zanga, ndikanayamba ndi zoyezazi komanso makina a BP omanga pamkono wam'mwamba. BP yosatsika ndi imene ikugwetsa anthu ambiri ndi sitiroko kuposa china chilichonse, ndipo makina ambiri a masiku ano amaonetsa kachizindikiro akamva kuti kugunda kwa mtima sikukulondolozana. Amayendera mabatire wamba ndipo safuna foni.

Namwino wopuma, Highfield

Mwafotokoza bwino nkhani ya mankhwala, achimwene a ku famase. Pamene ndikusiyana nanu pang'ono ndi pakuti wotchi tisaitaye kutali, chifukwa Holter ya maola 24 imatha kutuluka yoyera ngati vutoli limabwera kamodzi pamwezi, ndipo zikatero chipangizo chimene munthu ali nacho pathupi pa nthawi imene mtima wayamba chimakhala chamtengo wapatali. Pali kena kakang'ono kotchedwa KardiaMobile, kamene munthu amaikapo zala za manja onse awiri kwa masekondi 30, ndipo kamagwira ndi mafoni ambiri a Android, ndiye kangagwire ntchito ndi foni ya mwana wathuyu popanda bambo kusintha yawo.

Ndiwonjezere chimene aliyense m'nyumbamo ayenera kudziwa, ngakhale ana asukulu. Mukaona pakamwa pa bambo papotoka, mkono kapena mwendo wafooka mbali imodzi, kapena mawu akutuluka mokoka, yang'anani nthawi pompo ndipo nyamukani. Musawapatse aspirin, phala kapena madzi, chifukwa sitiroko ina imabwera chifukwa mtsempha waphulika osati kutsekeka, ndipo kusiyanitsa kwake ndi sikani ya mutu yotchedwa CT scan, komanso munthu wotere amatsamwa msanga. Mankhwala osungunula chibuma, kumene alipo, amaperekedwa m'maola anayi ndi theka chiyambireni zizindikiro. Ngakhale zizindikirozo zitatha zokha m'mphindi zochepa, pitani tsiku lomwelo. Mabvuku ndi patali ndi zipatala zikuluzikulu, ndiye gwirizanani lero ndi mnansi amene ali ndi galimoto kuti usiku musadzayambe kugogoda m'makomo.

Mwana wa ku Mabvuku

Ndikuthokoza nonse kuchokera pansi pa mtima, makamaka inu amayi a ku Highfield chifukwa chobweranso kachiwiri. Dzulo tinakambirana ndi achimwene pa WhatsApp kwa nthawi yaitali, ndipo ndinawawerengera zimene mwalemba. Poyamba anakhumudwa pang'ono chifukwa wotchiyo anali atasankha kale, ndipo ndikumvetsa, pakuti munthu akakhala kutali amafuna chinthu chooneka chimene angaike pamkono pa bambo ake. Tagwirizana kuti ndalamazo ziyambe zalipirira ECG, Holter ndi echo, tigulenso makina a BP, ndipo ngati Holter ituluke yoyera tidzafunse dokotala kuti pakati pa wotchi ndi kachipangizo ka zala kaja n'chiti chingawayenere bambo.

Ndayamba kale kuwamva mtima pamkono. Masiku atatu oyamba unali kugunda mofanana, pakati pa 70 ndi 80, koma usiku wathawu atangomaliza kudya ndinaumva ukuthamanga ndi kudumpha, moti ndinalephera kuwerenga bwino mpaka ndinabwereza katatu, pamene iwo ankanena kuti akungomva kutopa. Ndalemba nthawi yake m'kope, ndipo m'mawa uno tinapita nalo ku kiliniki n'kulandira kalata ya ku chipatala chachikulu. Diclofenac amene ankamwa chifukwa cha bondo ndamuika m'chikwama kuti ndikamuonetse dokotala, ndipo bambo a pafupi nafe amene ali ndi galimoto avomera kutinyamula mawa m'mamawa.